Mmene Wilo la Njinga ya Mpikisano Lidaphunzirira Mphepo

Aliyense amene waonerapo Tour de France pa kanema zaka zino waona kuti mawilo a njinga za akatswiri aja safanana ndi omwe tidakula tikuwaona. Limu lake ndi lakuda bii, komanso ndi lakuya: kuchokera pomwe pagona tayala kufika pomwe payambira masipoko pali mamilimita 45, 50, nthawi zina 60, pomwe limu wamba la aluminiyamu limathera pa 20 kapena 25. Masipoko ndi owerengeka, 20 kapena 24 basi. Gulu la njinga zotere likamakudutsa pafupi umamva mkokomo wa mphako, wuu wuu wuu, chifukwa m'kati mwa limumo mulibe kanthu. Mawilo awiri okha a mtundu umenewu amatha kudula kuposa njinga yamoto yatsopano.

Mbiri yake ndi yofunika kuidziwa, makamaka kwa munthu amene akuganiza zogula. Opanga adalakwitsa zambiri asanafike pa wilo la lero, ndipo zolakwika zawozo sizidapite kudzala ayi. Zikugulitsidwabe pamsika wa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, zitapukutidwa bwino.

Njinga zoyamba za mpikisano zinkayendera malimu a mtengo. Masipoko a waya adabwera cha m'ma 1870, pamene amisiri monga James Starley wa ku Coventry adaonetsa kuti waya wowonda wokungidwa zolimba amanyamula munthu bwino kuposa ndodo zokhuthala, ndipo tayala lopopa la John Boyd Dunlop lidatsatira mu 1888 ku Belfast. Koma akatswiri adakakamirabe limu la mtengo mpaka zaka za m'ma 1930. Mu 1934 kampani ya Mavic ya ku France idapanga limu la duralumin, aluminiyamu wosakaniza ndi zitsulo zina kuti alimbe. Mkulu wa Tour de France, Henri Desgrange, sankafuna kumva za malimu achitsulo, poopa kuti kutentha kwa mabuleki potsika mapiri kungasungunule guluu womata tayala. Choncho malimu omwe Antonin Magne adakwera chaka chimenecho adapakidwa penti kuti aoneke ngati a mtengo. Magne adapambana Tour imeneyo, ndipo patangopita zaka zochepa aluminiyamu adatenga malo. Adalamulira zaka 50.

M'zaka zonsezo funso linali limodzi lokha: kodi wilo likulemera bwanji? Amakanika ankaboola tizibowo pa zitsulo za njinga kuti achotseko magalamu angapo. Njinga yomwe Eddy Merckx adakwera ku Mexico City mu 1972, pomwe adapalasa makilomita 49.431 pa ola limodzi, idapepusidwa paliponse pomwe zikadatheka. Za mphepo ankazidziwa ndithu, n'chifukwa chake adasankha mzinda wokwera mamita oposa 2,200, kumene mpweya ndi wopepuka. Koma zoti wilo lolemera lingathamange kuposa lopepuka, ndi ochepa omwe akadavomera.

Amene adawatseka pakamwa ndi Francesco Moser. Mu Januwale 1984, ali ndi zaka 32, msinkhu womwe ambiri ankati watha, adapita ku Mexico City komweko ndi njinga yomwe mawilo ake onse awiri adali otsekeka kotheratu, osaoneka sipoko ndi imodzi yomwe. Mawilowo, omwe adakonzedwa motsogozedwa ndi Pulofesa Antonio Dal Monte, adali olemera kuposa a Merckx. Pa 19 Januwale adapalasa makilomita 50.808. Patangopita masiku anayi adabwereranso n'kufika pa 51.151. Kunena chilungamo, si mawilo okha omwe adabweretsa mamita 1,720 owonjezerawo. Patapita zaka Moser adavomera kuti pokonzekera adathiridwa magazi, zomwe malamulo a nthawiyo adali asanaletse.

Komabe zomwe mawilowo adaonetsa zidali zoona. Mpweya umakaniza munthu wothamanga, ndipo kukaniza kwake kumakula msanga kuposa liwiro. Ukawirikiza liwiro kawiri, mphepo imakukankha kanayi, ndipo mphamvu zomwe miyendo iyenera kutulutsa kuti uigonjetse zimakwera ka 8. Pamsewu wopanda zitunda, munthu akangopitirira makilomita 30 pa ola, mphamvu zake zochuluka zimathera pokankha mpweya. Wilo lili ndi vuto lakelake pamwamba pa zimenezi. Kumtunda kwa wilo kumayenda kawiri liwiro la njinga: njinga ikamathamanga pa 40, nsonga za masipoko akumwamba zikudula mpweya pa liwiro loyandikira 80. Masipoko 32 kapena 36 obulungira amangouvundula mpweyawo osalekeza. Ukatseka wilo, chipwirikiti chonsecho chimatha.

Laurent Fignon adalawa kuwawa kwa nkhaniyi kawiri konse. Pa Giro d'Italia ya 1984 adafika tsiku lomaliza atavala jezi ya pinki ya mtsogoleri, koma pa mpikisano wa aliyense payekha wolimbana ndi wotchi, womwe udathera ku Verona, Moser adabwera ndi mawilo otsekeka aja n'kumuvula jeziyo. Patapita zaka zisanu, pa 23 Julayi 1989, Fignon adayamba tsiku lomaliza la Tour de France akutsogola ndi masekondi 50, kutatsala makilomita 24.5 okha kuchokera ku Versailles kukafika ku Paris. Ulendo uno mawilo otsekeka adali nawo, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Greg LeMond adali ndi lotsekeka limodzi, lakumbuyo, koma adavala chipewa chosongoka, ndipo pa handulo adamangirirapo timahandulo tina totulukira kutsogolo kuti mikono ikhale pamodzi, chifuwa chibisike. Fignon adapalasa wopanda chipewa, tsitsi likuuluka, chifuwa chili poyera, uku akuvutika ndi chilonda pokhalira. LeMond adamposa ndi masekondi 58 tsikulo, natenga Tour yonse ndi masekondi 8. Mbali imeneyi ya mbiri siitchulidwa kawirikawiri anthu akamakamba za mawilo, koma kwa ine ndi yofunika kuposa ina iliyonse: chotchinga mphepo chachikulu pa njinga ndi thupi la wokwerayo. Mawilo amabwera pambuyo.

Wilo lotsekeka lili ndi chilema chosachiritsika. Mphepo ikaomba cham'mbali, lakutsogolo limakhota lokha, pomwe ndilo munthu amawongolera nalo njinga. M'mipikisano ya chigulu, momwe anthu oposa 150 amapalasa phewa ndi phewa, sililoledwa. Ngakhale pa mpikisano wa Ironman wa ku Kona, ku Hawaii, kumene aliyense amapalasa payekha, adaliletsa chifukwa cha mphepo yamphamvu yomwe imaomba mumsewu wa m'mphepete mwa nyanja. Kudafunika china cha pakatikati, wilo la khoma lokwanira kusalaza mpweya koma losiya mpata pakati kuti mphepo ya m'mbali izidutsa.

Yankho silidachokere ku Italy kapena ku France, kuchimake kwa mipikisano ya njinga. Lidachokera ku America, kwa anthu a triathlon, mpikisano wophatikiza kusambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga, omwe adalibe mwambo wakale woti auteteze. Steve Hed, yemwe adali ndi shopu ya njinga ku Minnesota, adayamba kupanga mawilo otsekeka otsikirako mtengo chapakati pa zaka za m'ma 1980 pamodzi ndi Anne, katswiri wa triathlon yemwe adadzakhala mkazi wake, kenaka adatembenukira ku malimu akuya. Ku Indianapolis, Leigh Sargent, yemwe ankagwira ntchito pa magalimoto a mpikisano, adayambitsa Zipp mu 1988. Specialized idagwirizana ndi DuPont n'kupanga wilo la miyendo itatu yokha. Onsewa adadalira chinthu chimodzi, ulusi wa kaboni, pakuti limu la aluminiyamu lakuya mamilimita 50 kapena 60 likadalemera mopitirira muyeso.

Ulusiwu sudapangidwire njinga. Roger Bacon adapanga timaulusi toyamba tolimba kwambiri mu labotale ya Union Carbide ku Ohio mu 1958. Akio Shindo wa ku Osaka adaonetsa njira youpangira kuchokera ku ulusi wa pulasitiki wotchedwa PAN, asayansi a ku Farnborough ku England adauwonjezera mphamvu mu 1963 poganizira za ndege, ndipo kampani ya Toray ya ku Japan idayamba kuugulitsa mu 1971. Amatenga ulusi wa pulasitikiwo n'kuuwotcha pa madigiri oposa 1,000 m'ng'anjo yopanda okosijeni, mpaka zina zonse zitachoka, kutsala kaboni pafupifupi yekhayekha. Kaulusi kamodzi n'kowonda pafupifupi ka 10 kuyerekeza ndi tsitsi la munthu. Pakokha kamangopindika. Mphamvu zake zimaoneka kakamatidwa pamodzi ndi tinzake masauzande ambiri mu utomoni wa epoxy.

Mpaka lero limu la kaboni limayalidwa ndi manja, ndipo ochuluka amachokera m'mafakitale a ku Taiwan ndi ku China, makamaka mumzinda wa Xiamen. Nsalu ya kaboni yonyowetsedwa kale ndi utomoni imasungidwa mufiriji kuti isaume nthawi isanakwane. Akaitulutsa, makina amaidula tizidutswa tambirimbiri, ndipo wantchito, atavala magolovesi, amayala kachidutswa kalikonse m'chikombole chachitsulo: aka ulusi wake utsate kuzungulira kwa wilo, ako upingase, tina towonjezera pomwe padzalowe masipoko. M'kati amaikamo kathumba. Chikombole chikatsekedwa n'kutenthetsedwa, kathumbako amakapopa kuti kakankhire nsaluzo kukhoma, utomoni n'kusungunuka, kenaka n'kuuma gwa. Kachidutswa kamodzi kakakwinyika, kapena mpweya ukatsalira pakati pa nsalu ziwiri, kunja sikuoneka kanthu. Khoma ndi losalala, dzina la kampani likuwala. Chilemacho chimadzaonekera tsiku lomwe wilo lagunda dzenje. N'chifukwa chake pogula wilo la kampani yodalirika munthu salipira kaboni yekha. Amalipiranso ntchito yoyesa malimu asanatuluke m'fakitale, ndi malimu ena omwe adatayidwa atalephera mayesowo.

Makampani a ku Ulaya nawo sadagone. Campagnolo idatulutsa Shamal, limu lakuya la aluminiyamu wonyezimira, mu 1992, ndipo Bora ya kaboni idatsatira mu 1994, chaka chomwe Mavic idatulutsa Cosmic. Kufupi ndi Munich, amisiri awiri, Heinz Obermayer ndi Rudolf Dierl, ankaumba m'galaja mawilo a Lightweight, omwe limu, masipoko ndi habu zidamatidwa kukhala chinthu chimodzi. Bjarne Riis adawakwera pa Tour yomwe adapambana mu 1996, Jan Ullrich mu 1997, ngakhale zaka zimenezo mankhwala oletsedwa adali ponseponse, monga Riis adavomerera yekha mu 2007. Kudalinso Spinergy Rev-X, la masipoko 8 a kaboni ophwatalala, lomwe lidatchuka kwambiri kufikira madandaulo a mawilo osweka mwadzidzidzi ndi anthu ochekeka pangozi atachuluka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, UCI, bungwe loyendetsa masewerowa padziko lonse, idalamula kuti mawilo achilendo aziyesedwa pogunditsidwa asanaloledwe, ndipo Rev-X lidachoka m'mipikisano.

Malimu ambiri a nthawi imeneyo adali ndi maonekedwe a chilembo cha V: owonda, a makoma owongoka, osongoka kumene kuli masipoko. Tayala lidali la mamilimita 21 kapena 23, lopopedwa mpaka gwa, chifukwa aliyense ankakhulupirira kuti chowonda ndicho chimaboola mphepo. Mphepo ikamachokera kutsogolo kwenikweni, zimenezo n'zoona. Koma panja sizikhala choncho kawirikawiri. Wopalasa amakumana ndi mphepo ziwiri, ya liwiro lake ndi ya nyengo, ndipo zikaphatikizana zimamufika chopendekera, madigiri 5, 10 kapena 15 kuchoka kutsogolo. Apa limu lakuya limagwira ntchito ngati thanga. Oyendetsa ngalawa za thanga pa nyanja ya Malawi amadziwa kuti thanga lotcheredwa bwino limakokera ngalawa kutsogolo ngakhale mphepo ikuchokera m'mbali, malinga ngati mpweya ukutsetsereka pansaluyo osaduka. Likapendekera mopitirira, nsalu imayamba kukupiza, mphamvu n'kutha kamodzin'kamodzi. Limu nalo, mpweya ukamamatira kukhoma lake, umalikankhira kutsogolo pang'ono ndipo njinga imapepuka. Ukangoduka, kukankha kuja kumazimiririka mwadzidzidzi, handulo n'kugwedezeka m'manja. Pa limu la V mpweya unkaduka msanga, ndiponso mosachenjeza.

Amene adakwerapo limu lotere la mamilimita 60 kapena 80 amakudziwa kugwedezeka kumeneku. Ukutsika mtunda, mitengo ya m'mbali mwa msewu yatha, walowa pamtetete. Kapena thiraki yakudutsa, yatseka mphepo kwa sekondi imodzi n'kuimasulanso. Wilo lakutsogolo limachita ngati wina walikoka kenaka walisiya. Mtima umagunda, zala zimafunafuna buleki, mapewa amauma, ndipo munthu amadzuka pa handulo n'kukhala tsonga. Pamenepo phindu lonse lomwe adalipirira lapita, popeza chifuwa chake tsopano chikugwira mphepo yochuluka kuposa yomwe mawilo achepetsa.

Mankhwala ake Hed adawapeza msanga. Patenti yomwe iye ndi Robert Haug adalandira mu 1991 inkafotokoza limu la mimba, lotupa pakati, lomwe mpweya umalitsatira mozungulira osaduka msanga. Koma kwa zaka pafupifupi 20 maonekedwe amenewa adali m'manja mwa Hed ndi Zipp okha, ena n'kumapitiriza ndi V. Zinthu zidatembenuka cha mu 2010. Zipp idatulutsa malimu a Firecrest, otambalala, obulungira kumene kale kudali kosongoka. Chaka chotsatira ENVE ya ku Utah, mothandizana ndi Simon Smart yemwe adachokera ku magalimoto a Formula One, idayamba kugulitsa mawilo awiri osafanana, lakutsogolo losayako komanso lotambalala kuposa lakumbuyo, chifukwa lakutsogolo ndilo mphepo imasewera nalo. Ku Zipp kudachokeranso lamulo losavuta lomwe amakanika amalitchula mpaka pano: limu litambalale kuposa tayala ndi 5 peresenti, apo ayi mpweya wochoka patayala sumamatiranso kukhoma.

Chaka cha 2010 chija chidathetsanso mantha oti kaboni sachedwa kusweka. Paris–Roubaix ndi mpikisano wa makilomita oposa 250, ndipo pafupifupi 50 mwa amenewo ndi tinjira ta m'minda toyalidwa miyala ya makedzana. Kwa zaka zambiri amakanika ankasunga mawilo apadera a tsiku limeneli, a aluminiyamu, osaya, a masipoko 32. Mu Epulo 2010 Fabian Cancellara adapambana Ronde van Vlaanderen ku Belgium, napambananso Roubaix patatha sabata imodzi, zonse ziwiri pa Zipp 303. Aka kadali koyamba kuti wilo la kaboni lipambane pa miyala ya Roubaix, ndipo patangopita zaka zochepa mawilo akale aja adatsala m'mashelefu.

Vuto lomwe lidakakamira ndi la mabuleki, ndipo apa ndi pomwe wogula ayenera kutchera khutu. Njinga za mpikisano za nthawi imeneyo zinkaima potsina limu ndi timphira tiwiri. Aluminiyamu amamwaza kutentha msanga kuzungulira wilo lonse. Kaboni ndi utomoni wake amakusunga pamalo amodzi, pakanjira kopyapyala komwe mphira ikukhula. Mantha omwe Desgrange adali nawo pa aluminiyamu adadzakwaniritsidwa pa kaboni. Akatswiri sankavutika kwambiri, chifukwa matayala awo adali osokedwa, chubu m'kati, n'kumatidwa ndi guluu pamwamba pa limu, komanso ankatsika misewu yotsekedwa, kumagwira buleki mwamphamvu kamphindi n'kusiya. Tsoka lidagwera anthu wamba pamene makampani adayamba kugulitsa malimu a kaboni a tayala lovula ndi kuvala, lomwe limagwira m'milomo ya limu. Mpweya wa m'tayala, ma psi 100 kapena kuposa, umakankhira milomoyo kunja nthawi zonse. Munthu wolemera thupi, wamantha, akamatsika phiri lalitali atagwira buleki osasiya, poyamba amamva fungo la chinthu chopsa. Kenaka buleki imayamba kugwira modukizadukiza chifukwa khoma latupa. Utomoni wafewa. Chotsatira ndi kuphulika, tayala lili panja, njinga ikadali pa liwiro lalikulu. Mvula ikagwa vuto limakhala lina: ugwira buleki, wilo lizungulira kangapo osamva kanthu, kudikira kuti mphira ipukute madzi.

Makampani adayesa utomoni wopirira kutentha, timphira tapadera, ndi kukanda kanjira ka buleki kuti kakhale kokhakhala. Zidathandiza ndithu, ndipo malimu omalizira a mtundu umenewu ndi abwino kutalitali kuposa oyamba. Koma chomwe chidathetsa nkhaniyi ndi kuchotsa buleki palimu n'kuisamutsira pa disiki yachitsulo ya pahabu. UCI idazengereza. Idaloleza kuyesa, idaimitsa mu Epulo 2016 Fran Ventoso atachekeka mwendo pangozi ku Roubaix n'kunena kuti chidamucheka ndi disiki, idayambiranso, mpaka idavomereza mabuleki a disiki kotheratu pa 1 Julayi 2018. Limu litapumula pa ntchito ya buleki, opanga adamasuka kulitambalitsa monga afunira. M'kati mwa limu, momwe kale mudali mamilimita 13 kapena 15, lero muli 21 mpaka 25. Akatswiri omwe ankakana tayala la 25 tsopano akupalasa 28 ndi 30, mpweya wocheperako, opanda chubu, m'kati muli madzi omata zibowo. Kuyesa kudaonetsa kuti pamsewu weniweni, wa zigamba ndi timiyala, tayala lotambalala lofewerako limathamanga kuposa lowonda louma lomwe limangodumphadumpha.

Sikuti zonse zakhazikika. Malimu ena atsopano alibe kambedza ka m'milomo kogwira tayala. Ndi osavuta kuumba, koma malire ake a mpweya ndi ma psi 72.5, ndipo si tayala lililonse lomwe limaloledwa kuvekedwapo. Mu Febuluwale 2024, pa UAE Tour, tayala la Thomas De Gendt lidavuka palimu lotere iye n'kugwa, ndipo mkangano wa chomwe chidayambitsa udakafika mpaka ku UCI. Nayo mphepo sidagonje. Pa mpikisano wa Gent–Wevelgem wa 2015 idakankhira akatswiri m'ngalande ndi m'maudzu. Geraint Thomas adaulutsidwa kuchoka pamsewu, nadzuka n'kumaliza wachitatu. Mu Juni 2025 UCI idalengeza kuti kuyambira pa 1 Januwale 2026 limu la m'mipikisano ya chigulu lisapitirire mamilimita 65.

Nanga munthu wamba, yemwe amapalasa Loweruka m'mawa ndi anzake kapena amalowa mipikisano ya m'dera, atolepo chiyani? Ayambe wafunsa liwiro lomwe manambala a otsatsa malonda adayezedwera. Kawirikawiri ndi makilomita 45 kapena 48 pa ola, liwiro la akatswiri. Wopalasa pa 25 amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 a mphamvu zolembedwazo. Phindu lilipo, ndipo paulendo wautali limasanduka masekondi ngakhale mphindi, koma ndi laling'ono poyerekeza ndi kutsitsa mutu, kupinda zigongono, kuvala malaya ogwira thupi ndi kugula matayala abwino. Amene sadachite zimenezi asathamangire mawilo. Za kulemera nazo zisamuzunguze mutu. Limu la kaboni la mamilimita 45 limalemera pafupifupi mofanana ndi la aluminiyamu losaya, ndipo kusiyana kwa magalamu 200 pakati pa mawilo kumamveka pa zitunda zazitali zokhazokha. Botolo limodzi la madzi limalemera kuposa pamenepo.

Funso lenileni ndi la mphepo ya kwanu ndi thupi lanu. Munthu wa makilogalamu 55 amakankhika mosavuta kuposa wa 85. Wopalasa mumsewu wa m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Salima kulowera ku Nkhotakota, mu Juni ndi Julayi mwera utakwiya, alibe chifukwa choikira mamilimita 60 kutsogolo. Chimodzimodzinso m'bale wathu wa ku Cape Town, kumene mu 2017 mpikisano waukulu wa njinga wa mumzindawo udalephereka mphepo itagwetsa anthu poyambira penipeni. Kwa ambiri a ife, ine ndimati mamilimita 35 mpaka 50 ndi pokwana, ndipo pakakhala kusankha, lakutsogolo likhale losayako.

Koma nkhawa yanga yaikulu ili pa mawilo a kaunjika. Chisamukireni anthu a ku Ulaya ndi ku America ku mabuleki a disiki, malimu akale a buleki ya palimu atsika mtengo, ndipo n'zosavuta kuti afike m'manja mwa mnyamata yemwe wangoyamba kumene mpikisano, yemwe waona kuda bii kuja n'kukopeka mtima. Musanatulutse ndalama, tulutsani wiloyo padzuwa. Yendetsani chala pakanjira ka buleki. Pakakhala potupa, pa mafunde kapena posintha mtundu, limu lidapsapo kale. Yang'anani pozungulira sipoko iliyonse ngati pali mng'alu. Gogodani khoma ndi ndalama yachitsulo mozungulira monse: mawu akasintha n'kumveka ogontha pamalo ena, mwina nsalu zalekana m'kati. Limu losongoka ngati V, lowonda kuposa tayala, ndi la m'badwo uja unkavutika ndi mphepo ya m'mbali. Funsaninso ngati ndi la tayala lomata, chifukwa tayala limenelo likabooka kutali ndi kwanu, wokonza njinga wa pansi pa mtengo sadzakhala ndi lina lokupatsani. Limu la aluminiyamu likagunda dzenje limapindika, mmisiri n'kuliwongola ndi sipana ya masipoko. La kaboni silipindika. Limatuluka bwinobwino kapena limang'aluka, ndipo long'aluka silikweredwanso.

Ngati njinga yanu ndi ya buleki ya palimu, ndipo misewu yanu ndi yotsika ngati wa Thabwa wolowera ku Chikwawa kapena wa Khwekhwelere wotsikira ku Golomoti, limu la kaboni lomwe simukudziwa komwe lachokera musalikwere, ngakhale atakupatsani laulere. Khalani ndi aluminiyamu wanu, ndalamazo mugulire matayala abwino.